Mfuti Yaikulu ndi Magalasi a Nthunzi

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti palibe amene anavulala. Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa nkhani ikangokhala ya mfuti anthu amayamba kugwira pamtima. Chimene chinavulala tsiku limenelo ndi ulemu wanga basi, komanso ubale wanga ndi a Sakala, umene unakhala pa diripi kwa milungu ingapo.

Zinayamba nthawi ya mliri ija. Ife a ku Perth tinali ngati anthu otsekeredwa m'nyumba yabwino. Matenda sanali ambiri, koma malire anatsekedwa, ndipo wotuluka sankadziwa kuti adzabwerera liti. Tchuthi chimene ndinkasungira ulendo wa kwathu ku Dedza chinangokhala chopanda ntchito. Ine ndine namwino, ndipo namwino akakhala pansi masiku atatu amayamba kuyeza anthu a m'nyumba mwake kutentha kwa thupi popanda chifukwa. Ndinayesa kulima mpiru kuseri kwa nyumba yathu ku Armadale, mchenga unakana. Ndinayesa kuphika buledi monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Amuna anga anadya mwaulemu masiku awiri, tsiku lachitatu anandifunsa mofatsa ngati sitolo ija inatsekedwa.

Apa m'pamene analowera a Sakala. Iwowa ndi bambo wa ku Chipata, amagwira ntchito yopereka mankhwala ku famase, ndipo timapemphera tchalitchi chimodzi. Ndi munthu wofatsa, wa tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero anandimva ndikudandaula za kusowa chochita, ndipo anandiuza kuti iwo Loweruka lililonse amapita ku kalabu yowombera chandamale. Ndinaganiza kuti akunena za mivi ija amaponya pakhoma. Anati ayi, mfuti zenizeni. Ndinawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, ndipo ndinavomera kupita chifukwa chongofuna kuona ngati amavula tayiyo powombera. (Savula.)

Kalabuyo ili kunja kwa tauni, pakati pa mitengo ya bulugamu. Ndi shedi yaitali yokhala ndi matebulo pamzere, aliyense ndi malo ake, ndipo kutsogolo uko, kutali ndithu, kuli mapepala okhala ndi bwalo lakuda pakati. Kuseri kwa mapepalawo kuli chimulu cha dothi. Woyang'anira anali a Graham, mzungu wa imvi amene anapuma pantchito kalekale, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake asanawatulutse. Anandisunga ola lathunthu pa malamulo ndisanakhudze chilichonse. Mfuti iziloza kutsogolo nthawi zonse. Chala chisafike pa tiriga, kachitsulo kowombera kaja, mpaka utakonzeka. Ndipo chilichonse chikavuta, chaching'ono kapena chachikulu, ika mfuti patebulo, kweza dzanja.

Kenaka anandipatsa livolova ya kalabu. Imeneyi ndi mfuti ya m'manja yokhala ndi kang'oma kozungulira pakati, momwe mumalowa zipolopolo. Inali yaing'ono, imene amaitcha twente-thu, ya zipolopolo zonga nsonga ya pensulo. Ndinaimirira monga anandiuzira, ndinapuma, ndinakoka. Inangoti pha! Ndipo pa bwalo lakuda lija panaoneka kabowo.

Abale, sindinamvepo chimwemwe cha mtundu umenewo chichokere ku pulayimale. Ndinabwerera kunyumba ndi pepala langa ndikumaliyang'ana pa maloboti aliwonse. Ndinalimata pa fuliji. Ndinafotokozera amuna anga kuti n'zosadabwitsa, chifukwa dzanja limene limapeza mtsempha pamkono wa gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi silingaphonye bwalo lalikulu ngati mbale. Mawu amenewa ndinawabwereza kwa anthu ambiri m'miyezi yotsatira, ndipo ena anawasunga.

Kuno mfuti sugula ngati ukugula ketulo. Umayenera kukhala mu kalabu miyezi ingapo akukuona, kenaka kalabu ikulembere kalata yokuvomereza, apolisi afufuze mbiri yako, ndipo ukhale ndi bokosi lachitsulo lokhomerera kukhoma losungiramo. Zonsezi ndinazitsata mosangalala. Chovuta chinali chimodzi, amuna anga. Iwo amagwira ntchito mu labu pa yunivesite ku Bentley, ndipo ndi munthu amene amawerenga kabuku ka malangizo asanayatse tochi. Sanakane. Anangonena kuti chinthu choterocho chisanalowe m'nyumba mwawo akufuna akandione ndi maso awo ndikuchigwira. Ndinati palibe vuto, ndidzawaitana tsiku labwino.

Nthawi yosankha mfuti yangayanga itayandikira, aliyense anandiuza zofanana. A Graham anati munthu woyamba amagula twente-thu, chifukwa sikankha dzanja, siboola makutu, ndipo umaphunzira nayo kugwira bwino usanayambe kuopa phokoso. Anatinso ndisayang'ane kukongola, ndiyang'ane ngati chogwirira chikukwana m'dzanja langa komanso ngati chala chikufika pa tiriga popanda kupotoza mkono. A Sakala anati iwo akhala ndi twente-thu yawo zaka zambiri ndipo sanaimalizebe kuidziwa. Ndinagwedeza mutu kwa onse awiri. Ndinali ndi mtima wowamvera, ndithu.

Kenaka kunabwera m'bindikiro wa masiku ochepa uja, umene ankangolengeza mwadzidzidzi masana, madzulo tonse tili m'nyumba. Unandipeza ndili pa ofu. Ndinakhala pa sofa ndi foni, n'kuyamba kuonera makanema a mfuti. Tsiku loyamba ndinaonera za twente-thu monga mwana womvera. Tsiku lachiwiri foni inandibweretsera yokha kanema wa mayi wina wa ku America, wamfupi ngati ine, atanyamula chilivolova chonyezimira, chamlomo wautali, chimene amachitcha maginamu. Akawombera, moto kutsogolo, tsitsi lake kugwedezeka, iye n'kumwetulira. Ndinauonera kasanu. Pofika tsiku lachitatu twente-thu inkaoneka ngati choseweretsa, ndipo ndinali nditayamba kuwamvera chisoni a Sakala.

Ndinawerenga kuti maginamu ndi yolemera, choncho ndinaganiza zolimbitsa mkono. M'nyumba monse chimene chinali ndi chogwirira komanso kulemera koyenera inali simbi. Amuna anga anandipeza m'khonde nditatambasula mkono, diso limodzi lotsinzina, simbi italoza kalendala ya tchalitchi. Anaima pang'ono, n'kufunsa ngati malaya awo a mawa ali m'gulu la zimene ndikufuna kuwombera. (Ndinawayankha kuti asandisokoneze, ndikuwerenga masekondi.)

M'bindikiro utatha ndinathamangira ku sitolo ya mfuti. Inalipo, m'kabati ya galasi, yonyezimira kuposa ya mu kanema. Wogulitsa anaitsegula n'kundionetsa kuti mulibe kanthu, kenaka anandipatsa. Mkono unatsika wokha. Chogwirira chinadzaza dzanja langa lonse n'kutsalako, ndipo chala changa chinkangokhudza tiriga ndi kansonga. Bamboyo anaona, ndipo anandifunsa mwaulemu ngati ndingakonde kugwirako ina yocheperapo. Ndinamuuza kuti manja anga ndimawadziwa ndine. Ndinamufotokozeranso za mtsempha wa gogo uja.

Ndinakawauza a Graham chimene ndasankha. Anati sangandiletse, koma asanasaine kalata akufuna ndiyesere kaye. Iwo anali ndi maginamu yofanana ndi imeneyo, ndipo Loweruka lotsatira kunali kampikisano ka pakalabu, kamene aliyense amabwera ndi mfuti imene akufuna. Anati ndidzawombere ndi yawoyo iwo ataima kumbuyo kwanga, ndipo tidzakambirana pambuyo pake.

Munthu wanzeru akanamva chenjezo m'mawu amenewa. Ine ndinamva kuti tsiku labwino lija lafika. Ndinaitana amuna anga. Ndinalembanso pa gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kuti andikumbukire m'mapemphero chifukwa Loweruka ndikulowa mpikisano wanga woyamba ndi mfuti ya akuluakulu. Anayankha ndi timanja topemphera tambirimbiri, ndipo wina anafunsa ngati pali chikho.

Lowerukalo kunacha kozizira. Popeza m'bindikiro unali utangotha kumene, lamulo linali lakuti aliyense avale masiki. Pakhomo panali botolo la sanitaiza, ndipo mwa chizolowezi cha kuntchito ndinapopa katatu n'kupaka mpaka m'zigongono. Amuna anga anawapatsa mpando kumbuyo, zotseka m'makutu, ndi kachipangizo koonera patali kuti aziona pepala langa. Ndinawauza nambala yanga, sikisi. A Sakala anali pa faifi, kumanzere kwanga. Tsiku limenelo sankalankhula zambiri. Anandinong'oneza kuti kwa chaka chathunthu akhala akusowa mapointi ochepa kuti akwere gulu n'kulowa la owombera apamwamba, ndipo m'mawa umenewo akumva kuti dzanja lili bwino.

Ine ndimavala magalasi a maso. A Graham atayang'ana magalasiwo ndi masiki yanga, anatulutsa katepi m'thumba n'kundiuza kuti ndimate pamphuno kuti mpweya usamakwere. Ndinaseka. Ndinawakumbutsa kuti ndavala masiki maola khumi ndi awiri patsiku kuyambira mliri usanabwere, ndipo sindinamatepo tepi kumaso ngati katoni. Anabweza tepi yawo m'thumba.

Tinayamba ndi chipolopolo chimodzi choyesera. Ndinanyamula chimfuticho ndi manja onse awiri, chogwirira chikuterera pang'ono chifukwa cha sanitaiza uja, ndinapotoza mkono kuti chala chifike, ndipo ndinakoka.

Mu kanema simumveka zoona zake. Phokosolo sindinalimve ndi makutu okha, ndinalimva m'mano, m'chifuwa, mpaka m'mawondo. Mfuti inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, ndipo pakamwa panga panatuluka "Mayo!" wamkulu amene ndikukhulupirira anamveka mpaka kumsewu. Chipolopolocho chinakafukula dothi pamwamba pa chimulu. A Graham anawerama n'kundifunsa ngati ndili bwino, ndipo anati twente-thu ya kalabu ili pafupi ngati ndingafune kusintha. Ndinacheuka, ndinaona amuna anga akundiyang'ana. Ndinati ndili bwino kwambiri, ndimangoizolowera.

Mtima unali ukugunda ngati ndathamangira sitima. Ndipo munthu mtima ukamagunda amapuma mwamphamvu. Mpweya wonsewo unkatulukira pamwamba pa masiki n'kulowa m'magalasi. Pamene ankalengeza kuti tiike zipolopolo zisanu za mpikisano, m'munsi mwa magalasi munali mutayera. Pamene ankati tiyambe, dziko lonse linali ngati Dedza m'mwezi wa Juni.

Pano ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa mbali iyi si yoseketsa. Ndinkadziwa chochita. Ndinauzidwa tsiku loyamba lenilenilo, ndipo inenso kuntchito ndimauza ophunzira kuti ukakayika usabaye, funsa. Ndinayenera kuika mfuti patebulo n'kukweza dzanja. Koma ndinaganiza za amuna anga pampando paja, za amayi a timanja topemphera, za tepi imene ndinaikana mphindi khumi zapitazo. A Graham anali kumbuyo kwanga, sankaona nkhope yanga. Ndiye ndinapendeketsa mutu kufunafuna poonera, ndipo pakona ya galasi la kumanzere ndinapeza kampata koyera ngati kandalama. Kudzera m'menemo ndinaona bwalo lakuda, looneka bwinobwino. Ndinathokoza Mulungu, n'kuloza.

Ndinawombera zisanu zonse. Chilichonse chinkandigwedeza mpaka m'mapewa, koma ndinaluma mano. Ndipo ndikuuzeni, pa chachitatu ndinayamba kusangalala. Ndinkamva kuti zikulowa. Nditamaliza ndinatsegula kang'oma, ndinaika mfuti pansi, ndinatembenuka n'kuwakwezera amuna anga chala chachikulu. Iwo anandiyang'ana ndi nkhope ya munthu amene sakumvetsa filimu.

Mfuti zonse zitaonedwa kuti zilibe kanthu, anatilola kupita kukaona mapepala. Ndinayenda patsogolo pa onse. Magalasi anali atayeranso, ndipo ndili patali ndinaona kuti pepala la nambala sikisi likuoneka laukhondo kwambiri. Ndinafika pafupi. Ndinaliyang'ana pakati, m'mbali, m'makona. Ndinalisisita ndi dzanja. Ndinasuzumira ngakhale kuseri kwake, ngati kuti bowo lingaoneke mbali imodzi yokha. Linali latsopano ngati lochokera m'sitolo.

Ndinacheukira kumanzere. A Sakala anali ataima patsogolo pa pepala lawo, manja kumbuyo, tayi ili bwinobwino. Papepalapo panali timabowo tawo ting'onoting'ono, titaunjikana pakati penipeni mokongola. Ndipo pamwamba pa timeneti, ndi m'mbali mwake, panali mabowo ena asanu akuluakulu, oti chala n'kulowa. Awiri anang'amba pakati pomwe, n'kumeza ena mwa timabowo tawo, moti munthu sakanatha kuwerenga kuti tinalipo tingati.

"Sisita," anatero osandiyang'ana, "manje izi zikulu-zikulu ni za ndani?"

Pa mzere wonsewo munthu wa mfuti yaikulu ndinali ine ndekha. Ndinapumira m'masiki mwamphamvu, magalasi n'kuyambanso kuyera.

Azungu a pakalabu anabwera mmodzimmodzi kudzaona. Anthu amenewa ndi aulemu, sanaseke. Ankangoyang'ana pepala la a Sakala, kuyang'ana langa, kenaka n'kupeza chochita ndi zingwe za nsapato zawo. A Graham anayeza ndi kachipangizo kawo nthawi yaitali, koma timabowo tiwiri sitinapezeke. Anati a Sakala awomberenso zisanu zina. Anawomberadi, koma dzanja lija linali litapita. Mwini wake anali atakwiya mwa njira ya anthu ofatsa, ndipo zipolopolo zinamwazika ngati nkhuku zoona kabawi. Gulu lija sanakwere.

Kenaka a Graham ananditengera pambali. Sanakweze mawu. Anandifunsa chimene chinachitika, ndipo ndinawauza zonse, za nthunzi ndi za kampata kaja. Anati kuphonya si mlandu, ndipo kuwombera pepala la mnzako anthu ambiri zinawachitikirapo. Koma kuwombera usakuona bwino, n'kukhala chete chifukwa cha manyazi, chimenecho sangachisainire kalata. Anati ndibwerere ku twente-thu ya kalabu, ndipo adzandiuza okha akadzakhutira. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndili ndi ana a ku sekondale, koma ndinaima pamenepo ndikungoti inde bambo, inde bambo.

M'galimoto amuna anga anayendetsa mpaka tinalowa mumsewu waukulu. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandichenjezere, poti anali ndi choonera patali. Anati iwo anayang'ana nambala sikisi monga ndinawauzira, ndipo ataona kuti sipakuchitika kanthu anaganiza kuti mwina m'masewerawa mumayamba mwawombera m'mwamba popereka ulemu. Atanena zimenezi mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kudziletsa, zinakanika, mpaka anapatukira pa malo omwetsera mafuta n'kugoneka mutu pa chiwongolero. Sindinawaonepo akuseka choncho chikwatiranireni. Ndinakhala nditapinda manja mpaka anamaliza.

Atapukuta misozi anati, "Amayi, ine zophonya sizikundidetsa nkhawa. Koma mukanakweza dzanja paja, bokosi lachitsulo lija ndikanakakhoma ndekha lero lomwe."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a a Graham, chifukwa ndinkayembekezera kuti anyoza kuti ndipeze pokwiyira.

Foni inali ikulira m'chikwama. Amayi a kutchalitchi ankafuna kudziwa za chikho. Ndinalemba kuti zipolopolo zanga zonse zisanu zinalowa pa chandamale, ndipo ziwiri zinalowa pakati penipeni. Palibe bodza m'mawu amenewa. Tsoka lake, mayi Sakala ali pa gulu lomwelo, ndipo patangopita mphindi zochepa anaika chithunzi cha pepala la amuna awo, popanda kulemba liwu lililonse.

Lamulungu ndinapita kwa a Sakala ndi mbale ya mandasi kukapepesa. Analandira mandasiwo, anati zapita, koma kwa milungu ingapo ankandipatsa moni wa m'basi. Ku kalabu anapempha kuti aziwombera pa nambala wani, kumapeto kwenikweni, ine n'kuikidwa pa teni. Anadzakwera gulu lawo patapita miyezi itatu, ndipo tsiku limenelo ndi limene anandiyitananso kuti sisita ndi mawu awo akale.

Ine ndinakweza dzanja kambirimbiri m'miyezi imeneyo, mwina mopitirira. Ntchentche ikatera pamphuno, dzanja m'mwamba. Tsiku lina a Graham anabwera ndi kalata ija atasaina kale, n'kundiuza kuti ndikhoza kumatsitsako dzanjalo nthawi zina. Ndinagula twente-thu yakuda, yosanyezimira, ya chogwirira chaching'ono chokwana m'dzanja langa ngati chinapangidwira ine. Ndimaikonda, ndipo ndapambana nayo kawiri pa gulu la oyamba kumene.

Phunziro ndinalimva, musakayike. Komabe pali chinthu chimodzi chimene palibe amene amafuna kukambirana nane. Ndi mfuti yolemera imene sindinaigwirepo, manja oterera, diso limodzi, kuonera pa kampata konga kandalama, ndinalowetsa ziwiri pakati penipeni. Ndinayesa kuwafotokozera a Sakala zimenezi tsiku lina tikumwa tiyi pakalabu, kuti tikachotsa nkhani ya mwini pepala, kawomberedwe kameneko kanali kabwino ndithu. Anaika kapu yawo pansi, anakonza tayi, n'kusamukira pa tebulo lina.